Nkhuku za amayi zatuluka m'khitchini

Kwathu, kumene msewu wochokera ku Mponela umayamba kukwera mapiri a Ntchisi, munthu akakuuza kuti alibe ndalama uziyamba wawerenga nkhuku zake. Mwana akadwala usiku, tambala ndiye amalipira njinga yamoto yopita kuchipatala. Kusukulu akafuna ya mayeso, misoti iwiri imamangidwa pakaliyala ulendo wa kumsika. Fodya ndi soya zimabweretsa ndalama kamodzi pachaka, pomwe nkhuku ungaigulitse tsiku lililonse. Ndiye nkhani ya komwe nkhuku zimagona si yamasewera ayi. Pakhomo pathu tinakangana nayo zaka zitatu.

Nkhuku za amayi, 17 zonse, zinkagona m'khitchini. Ana awiri a mlongo wanga ankagona chipinda chogundana nayo, ndipo miyendo yawo inali zipserazipsera chifukwa cha utitiri. M'mawa uliwonse ntchito yoyamba inali kusesa zitosi pambali pa mapoto. Ukanena za khola, amayi ankayankha mawu omwewomwewo: "Khola la panja n'kusungira akuba, mwanawe." Sankanena zongopeka. Anaberedwapo nkhuku zisanu ndi ziwiri usiku umodzi, sabata ya Khirisimasi.

Ine ndimakhala ku Lilongwe, ndipo ngati inu nomwe, makola ambiri ndimawaonera pafoni. Matabwa opala bwino, waya ponseponse, malata apenti. Okongola ndithu. Koma ukawonkhetsa mtengo wa waya ndi malata, umapeza kuti khola ladula kuposa nkhuku zogonamo. Nditaonetsa atsibweni chithunzi chimodzi cha pa Facebook, anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako n'kundibwezera foni. "Mphwanga, amene anamanga ichi sanamuonepo likongwe."

Mawu amenewo ndiwo anakhala pulani yathu. Khola sumanga poganizira nkhuku yokha. Umayamba watchula adani ake mmodzimmodzi, ndipo chilichonse chimene ukukhoma kapena kumanga chiziyankha mdani wina wake.

Tinayamba mu Julaye, anthu atatha kukolola. Mitengo sitinagule. Chigafa chimene bambo ankayanikamo fodya chinali chitagwa mbali imodzi chiwamwalirire, ndipo mitengo yake ya bulugamu inali youma bwino. Zokadula m'nkhalango ya Ntchisi musaziganizire n'komwe. Ndi yotetezedwa, komanso mitsinje imene timathirira madimba imadalira mitengo ya m'mapiri omwewa. Nsungwi tinadula kudimba, zokhwima zokhazokha, pakuti yanthete siichedwa kufumbwa. Kusitolo tinangogula misomali, mahinjesi awiri, loko, linya ndi pepala lakuda lapulasitiki.

Tsiku loyamba lonse linathera pa miyendo isanu ndi umodzi. Tinasenda makungwa onse, chifukwa utitiri umabisala m'menemo masana n'kumatuluka usiku kukayamwa nkhuku. Mbali yolowa m'nthaka tinaiwaula pamoto mpaka kuda, kenako n'kuipaka oyilo wakutha wochokera kuchigayo, kuti chiswe chiziganiza kawiri. Maenje tinakumba ofika m'chigongono. Vuto la kwathu kuno ndi lakuti malo athyathyathya ndi osowa. Bwalo la amayi ndi lotsetsereka, moti miyendo ya kumunsi inayenera kutalika kuposa ya kumtunda. Levulo tinalibe. Atsibweni anagoneka botolo la madzi losadzaza pamtanda, n'kumayang'ana ngati madziwo akhala pakati. Anatizulitsa mwendo umodzi katatu. Ine dzuwa litapendeka ndinati, "Atsibweni, nkhuku iziona zimenezi?" Iwo anati nkhuku siiona, koma mvula ya Januwale idzaona.

Pansi pa khola tinakweza mita imodzi ndi pang'ono kuchokera padothi. Pamenepo galu safika, vumbwe amavutika, ndipo madzi othamanga kuchokera kuphiri amangodutsa kunsi. Pamwendo uliwonse tinaveka chitini chodula, choyang'ana pansi ngati siketi, kuti khoswe kapena njoka ikamakwera izikathera pomwepo. Linthumbu ndiye silisamala za zitini. Limenelo mankhwala ake ndi phulusa lothira kuzungulira mwendo uliwonse, ndipo mvula ikagwa umathiranso.

Ntchito imene inandipweteka manja, komanso imene ndimainyadira, ndi ya nsungwi zoyala pansi. Umang'amba nsungwi panayi ndi chikwanje, n'kupala m'mbali kuti isacheke mapazi a nkhuku, kenako n'kuyala mbali yosalala kumwamba. Mpata wa pakati pa nsungwi ndi inzake ndi chala chimodzi basi. Ukachepa, zitosi zimaunjikana ndipo khola limanunkha. Ukakula, likongwe walowa, chifukwa kanyama kameneka pomwe padutsa mutu thupi lonse limatsatira. Atsibweni ankayeza mpata uliwonse ndi chala chawo cha mkombaphala, osakhulupirira changa. Makoma tinaluka ngati nkhokwe, mothithikana kumunsi, motayanako pang'ono kumwamba kuti mpweya uzidutsa. Ena amamata ndi dothi, koma dothi likang'aluka ming'aluyo imasanduka mudzi wa utitiri. Ife tinangopachika mphasa yakale mbali imene kumachokera mwera, pakuti chisanu cha Juni ndi Julaye m'mapiri muno n'chosayamba, ndipo khomo tinaliyang'anitsa kwina.

Denga silinavute. Tinalimangira pansi, pulasitiki kenako udzu, n'kuitana anyamata anayi kudzalikweza. Zoti mutu umodzi susenza denga tinaziona ndi maso. M'kati tinapingasa mitengo iwiri yogonapo, ndi madengu atatu akale oikiramo mazira.

Nanga akuba aja? Apa mpomwe amayi anagonjera, ndipo anagonja mwa iwo okha. Anasankha malo ndi iwo: mapazi asanu kuchokera pawindo la chipinda chawo, pomwe galu amagona. Makwerero si okhomerera. Nkhuku zikalowa madzulo amawachotsa n'kukawaika m'nyumba. Khomo ndi laling'ono, lokhala ndi loko. Nsungwi youma nayonso ili ndi khalidwe lake labwino: siithyoka mwakachetechete. Sindinganene kuti wakuba sangabe. Koma ayenera kubwera ndi chikwanje, n'kuchita phokoso pansi pa windo la mayi amene tulo take n'tochepa kale.

Kusamutsa eni ake kunatenga masiku anayi. Nkhuku ndi yokakamira pomwe inazolowera. Dzuwa likamalowa zonse zinkandanda pakhomo la khitchini, ife n'kumazigwira imodziimodzi kukaziika m'mwamba, adzukulu akuseka mpaka kugwa. Tsiku lachisanu thadzi lina lakuda, la mtundu wa Mikolongwe, linakwera lokha titawaza madeya pamakwerero, zinzake n'kutsatira. Anapiye okha sakwera. Thadzi likafungatira masiku ake 21 n'kuswa, limatsika ndi ana ake n'kumagona m'dengu lalikulu lovundikira pakhonde, ndipo masana sapita patali mpaka atakula moti mphamba ndi khwangwala sangawanyamule.

Pali mdani mmodzi amene nsungwi siimuletsa: chitopa. Chimakonda kubuka nyengo yotentha, cha mu Seputembala mpaka Novembala, ndipo chimatha kusesa mudzi wonse m'masabata awiri. Kunena zoona, nkhuku zogona mothithikana zimapatsirana msanga. Tsabola ndi mankhwala ena othira m'madzi amene timauzana aja sachiza chitopa. Chilibe mankhwala, chili ndi katemera basi. Alipo wotchedwa I-2, amene amapangidwa ku Central Veterinary Laboratory ku Lilongwe. Ndi dontho limodzi m'diso la nkhuku iliyonse, ngakhale mwanapiye, miyezi inayi iliyonse. Ubwino wake ndi wakuti amapirirako kutentha, moti alangizi a ziweto amatha kufika naye kumidzi yopanda magetsi. Apa khola linathandiza mwanjira imene sitinaiganizire. Kale wotemera akabwera, nkhuku zinali zitabalalika kale m'minda. Tsopano amayi amangochedwa kutsekula, n'kumazitulutsa imodziimodzi. Nkhuku yogula kumsika kapena yopatsidwa ndi alendo siilowa m'kholamo mpaka patatha masabata awiri ikugona payokha.

Kunsi kwa khola kumaunjikana zitosi zouma, ndipo mlongo wanga amazikokolola kupita nazo kudimba la tomato ndi mpiru. Ndi mitengo ya feteleza ya masiku ano, iye amati chimenechi ndiye chenicheni chimene tinamangira. Miyendo ya ana ija inapola.

Nditapitako mwezi wathawu ndinawerenga nkhuku 26 zikukwera makwerero. Polowa m'khitchini kukatenga moto, ndinapeza tambala wamkulu wofiira ali phee pamwamba pa nkhuni.

"Amayi, nanga uyu?"

"Ameneyo ndi fizi ya teremu ikubwerayi," anatero osacheuka n'komwe. "Agona momwemo."