Mlonda wa Pagolo Amene Anakhalitsa pa Benci

Pa timu iliyonse ya mpira pali munthu mmodzi amene ine ndimamumvera cisoni, ndiye mlonda wa pagolo waciwiri. Wosewera kutsogolo amene wasiyidwa panja angathe kulowa m'bwalo pa mphindi khumi zotsiriza, koma mlonda waciwiri ayenera kuyembekeza kuti mwini golo athyoke cala kapena atulutsidwe. Amavala, amakonzeka, kenaka nkukhala pansi kufikira mpira utatha. Ife olemba nkhani sitimufunsa kanthu, ndipo dzina lace limabwera kumapeto kwa mndandanda.

Umenewu ndiwo unali moyo wa a Ramón Rodríguez Verdejo, amene dziko liwadziwa ndi dzina lakuti Monchi. Anabadwa mu 1968 ku San Fernando, kumwera kwa Spain, ndipo kuyambira 1990 kufikira 1999 anali m'timu yaikulu ya Sevilla. Zaka zambiri golo linali la a Juan Carlos Unzué, iwo ali pa benci. Ngakhale pamene Diego Maradona anasewerera Sevilla mu 1992 ndi 1993, a Monchi anamuonerera ali cikhalire. Analeka kusewera ali ndi zaka 30.

Mu 2000 Sevilla inagwa kucoka m'gawo loyamba, ndipo inali ndi ngongole. Pa nthawi yamanyaziyo akuluakulu a kilabu anapatsa a Monchi nchito yoyang'anira kugula ndi kugulitsa osewera. Ndikhulupirira kuti anthu otchuka sakanailandira nchitoyo, pakuti m'thumba munalibe kanthu. Timu inabwerera m'gawo loyamba mu 2001.

Njira yao inali yosabisika. Anatuma anthu kukaonerera mpira kumene makilabu olemera sanali kuyang'anako, nagula anyamata pa mtengo wocepa, nawagulitsa atakhwima. Dani Alves anabwera mu 2003 kucokera ku Bahia, m'dziko la Brazil, pa ndalama zosafika mayuro miliyoni imodzi. Mu 2008 Barcelona inamugula pa mayuro pafupifupi 30 miliyoni. Sergio Ramos, mwana woleredwa pakhomo, anapita ku Real Madrid mu 2005. Caka comweco kunafika Frédéric Kanouté wa ku Mali, amene ku Tottenham anali atayamba kuiwalika, ndipo ali ku Sevilla anasankhidwa kukhala wosewera wopambana mu Africa wa caka ca 2007. Mu 2006 Sevilla inagonjetsa Middlesbrough 4-0 nitenga cikho ca UEFA, cikho cacikulu coyamba cicokere 1948.

Anthu amakonda kuwerenga mamiliyoniwo. Ine cimene cimandigwira mtima ndi munthu wina amene a Monchi anamutenga mu 2005. Andrés Palop anali atakhala zaka zambiri ku Valencia monga mlonda waciwiri, kumbuyo kwa Santiago Cañizares, ndipo anali atapitirira zaka 30. Ambiri akanati nthawi yace yatha. Koma munthu amene anakhalapo pa benci adziwa kuti kusaoneka m'bwalo sikutanthauza kusakhoza, adziwanso njala imene imakula mumtima mwa woyembekeza. M'mwezi wa March 2007, Sevilla itatsala pang'ono kutuluka m'mpikisano ku Donetsk, Palop anasiya golo lace m'mphindi yotsiriza, nathamangira kutsogolo, namwetsa cigoli ndi mutu. Miyezi iwiri pambuyo pace, ku Glasgow, anagwira mapenate atatu a Espanyol, ndipo cikho cinabwereranso ku Sevilla.

Sindinena kuti njira imeneyi ilibe minga. Wokonda timu sadya ndalama za kilabu. Iye afuna kuona mnyamata amene wamuzolowera, ndipo kumuuza caka ndi caka kuti wagulitsidwa kuli ngati kuuza mlimi kuti ng'ombe yolima bwino ndiyo iyenera kupita kumsika. A ku Sevilla anapirira cifukwa zikho zinali kubwera: 2014, 2015 ndi 2016 motsatizana. A ku Roma, kumene a Monchi anapita mu 2017, sanapirire. Mohamed Salah anagulitsidwa ku Liverpool caka comweco, Alisson namutsatira mu 2018, ndipo amene anagulidwa m'malo mwao sanakhutiritse anthu. M'mwezi wa March 2019 a Monchi anacoka ku Italy ali ndi adani ambiri, nabwerera kwao. Pambuyo pace, kuyambira 2023 kufikira 2025, anagwiranso nchito ku Aston Villa.

Atangobwerera ku Sevilla mu 2019 anabwereka ku Girona mlonda wina, Yassine Bounou wa ku Morocco, kuti akhale waciwiri kwa Tomáš Vaclík. Bounou anakhala pa benci pafupifupi caka cathunthu. Vaclík atapweteka iye analowa, ndipo ndiye anali pagolo pamene Sevilla inatenga cikho mu 2020. Analinso pagolo ku Budapest mu 2023, pamene cikho cacisanu ndi ciwiri cinapezeka pa mapenate. Timu imene inagonja usiku umenewo inali Roma.