Gitala ya Mlombwa

Ku Chitungwiza kulira kwa gitala si chinthu chodabwitsa. Tauniyi, yomwe ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 25 kumwera kwa Harare, idakhazikitsidwa mu 1978 pophatikiza makomboni a Seke, Zengeza ndi St Mary's, komwe antchito a mumzinda ankagona. Koma anthuwo sadangogona. Kumeneku ndiko kudakhwimira sungura, chamba cha nyimbo chomwe chidayamwa ku rumba ya ku Congo ndi benga ya ku Kenya, ndipo akatswiri ake monga John Chibadura, System Tazvida, Nicholas Zakaria ndi Alick Macheso onse adakhalapo m'tauniyi. Oimba gitala ndi ambiri ndithu. Osowa ndi opanga gitala, makamaka yamagetsi, ndipo mmodzi mwa osowawo ndi kalipentala wina wa ku Zengeza amene adapanga imodzi yokha m'moyo wake wonse.

Mkuluyu adabadwira pa famu ina ya fodya cha ku Mvurwi. Bambo ake adachoka ku Dedza ali mnyamata, nadzera ku Tete, ndipo sadabwererenso kwawo: adasanduka mtchona. M'makomboni a m'mafamu otere mwana aliyense ankadziwa kupanga banjo ndi chigubu cha mafuta, kathabwa ndi waya wa mabuleki a njinga. Zakaria ndi Macheso nawonso ndi ana a m'mafamu, a makolo ochokera ku Malawi, n'chifukwa chake Chichewa chimamveka m'nyimbo zawo, monga "Mundikumbuke" ya Macheso ya mu 2000. Chaka chomwecho mafamu adayamba kulandidwa, ndipo antchito ambiri a mtundu wa ku Malawi, Zambia ndi Mozambique adasowa kolowera poti kumudzi kwawo kudali pa famu pomwepo. Lamulo la unzika la mu 2001 lidawonjezera chipsinjo: anthu obadwira m'Zimbabwe momwemo adayenda ndi ziphaso zowatchula kuti ndi alendo, kufikira malamulo atsopano a dziko a mu 2013 adawatsekulira njira yotengera unzika. Kalipentalayu adayenda ndi chiphaso chotere zaka zambiri.

Gitalayo sadapangire iye mwini. Adapangira mphwake, mwana wa mlongo wake, mnyamata amene zala zake zinkathamanga pansambo koma ankangodalira magitala obwereka. Gulu lina loimba lidamuuza kuti abwere kudzayesedwa, koma abwere ndi chida chake. Mtengo wa m'sitolo udali wosayandikirika, ndipo mnyamatayo adayamba kukamba zowoloka Limpopo kukafuna maganyu ku Johannesburg. Kwa Achewa mwana wa mlongo ndi mbumba, ndipo woyang'anira mbumba ndi malume. Ngakhale mnyamatayo ankamuitana kuti sekuru, m'Chishona chomwe adakula nacho, mkuluyu adadziwa kuti mlanduwu ndi wake. Banjali lidataya kale munthu mmodzi kuulendo wofuna ntchito, ndipo iye sadafune kuti utchona ubwerezeke.

Thabwa adalipeza pa chitseko chakale cha mlombwa, mtengo umene Ashona amati mukwa, uja umatuluka utomoni wofiira ngati magazi ukatemedwa. Mlombwa wouma supindika wamba ndipo chiswe chimauopa. Kudula thupi ndi kusema khosi sikudamuvute munthu amene adapala matabwa kuyambira ubwana. Ntchito yeniyeni idali yomaliza, ndipo idayambira pa rula.

Banjo ya pa famu amaipanga ndi khutu: ukaika kachitsulo pakhosi n'kumva kuti sikakulira bwino, umangokasuntha. Gitala yamagetsi siilola zimenezo. Kutalika kwa nsambo kuchokera kumutu kufika pa kamlatho adakuika pa mamilimita 648, muyezo wa magitala ambiri a Fender. Malo a mafuleti, tizitsulo topingasa pakhosi, amapezeka pogawa utali wotsala ndi 17.817 nthawi iliyonse: fuleti yoyamba imakhala pa mamilimita 36.4, zotsatira zake zimanka ziyandikana, ndipo ya 12 imagwera pakati penipeni, pa mamilimita 324. Mkuluyu adalemba manambala onse kuseri kwa kalendala, nacheka timipata ndi kasowo kopyapyala, nakhomerera tizitsulo timodzitimodzi. Kenaka adatisalaza ndi tupa mpaka tonse tidafanana msinkhu, pakuti fuleti imodzi ikatukuka nsambo imanjenjemera pamenepo n'kufa mawu. Kusamalaku kuli ndi chifukwa chake ku Chitungwiza. Woimba sungura amasewera kumapeto kwa khosi, komwe mafuleti ali mothinana, ndipo mawu ake amatuluka oyera, opanda phokoso lobisalamo. Theka la milimita likalakwika kumeneko, aliyense wa pa Chikwanha amamva.

Kusalaza thupi kudatenga masabata. Adayamba ndi sandipepa wokhakhala wa nambala 120, nabwera pa 220, namalizira pa 400, akutsata mmene mitsempha ya thabwa idayendera. Vanishi adampaka mopyapyala, kangapo, m'mamawa fumbi la mumsewu lisanadzuke, ndipo pakati pa kupaka kulikonse ankadikira kuti aume n'kukhulanso pang'ono. Mphwake ankabwera madzulo aliwonse, kuona thabwa likunyezimira pa waya woyanikapo zovala, n'kufunsa kuti bwanji osangomanga nsambo. Malume ake ankayankha kuti vanishi wouma pamwamba pokha amadinda chizindikiro cha chala chilichonse chomugwira, ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsiku lolumikiza litakwana, khosi lidalowa m'kamphako kake mothina bwino, nalimanga ndi masikuluu 4. Nzeru imeneyi idafala ndi Leo Fender, wokonza mawailesi wa ku California amene sankaimba gitala, yemwe mu 1950 adayamba kugulitsa gitala ya thabwa losabooka m'kati, yomangidwa ndi masikuluu kuti chiwalo chikawonongeka chizisinthidwa mosavuta. Zimene zidapangidwira fakitale zidapindulira kalipentala wa kuseri kwa nyumba. Zitsulo zomangira nsambo, kamlatho ndi ma pickup adazichotsa pa gitala yothyoka khosi imene mayi wina wa geni yodutsa malire adabwera nayo kuchokera ku South Africa. Pickup ndiye khutu la gitala yamagetsi: ndi timaginito tokulungidwa ndi waya wa kopa woonda ngati tsitsi, maulendo pafupifupi 8,000, ndipo nsambo yachitsulo ikanjenjemera pamwamba pake imadzutsa mphamvu yamagetsi yochepa kwambiri imene amplifaya imakuza.

Kuwotcherera mawaya kudachitika pakati pa usiku, nthawi imene magetsi ankayaka. Atalumikiza ku amplifaya yobwereka kutchalitchi, chidamveka choyamba chidali kung'ung'udza kosalekeza. Khutu lomwe limamva nsambo limamvanso magetsi a m'nyumba, amene ku Zimbabwe amasinthasintha ka 50 pa sekondi. Mkuluyu, pokumbukira zimene mnzake wokonza mawailesi adamlangiza, adamata pepala la aluminiyamu m'mphako zonse za mawaya, nalumikiza kawaya kamodzi kuchokera pa kamlatho kupita kumbuyo kwa chokwezera mawu. Kung'ung'udza kuja kudachepa mpaka kungotsala ngati kupuma kwa munthu wogona.

Nsambo 6 zikamangidwa zimakoka khosi ndi mphamvu yofanana ndi makilogalamu pafupifupi 45. N'chifukwa chake m'kati mwa khosi mumakhala kandodo kachitsulo kolimbana ndi kukokako. Adaisiya gitalayo masiku awiri kuti thabwa lizolowere katundu wake, kenaka adakhwimitsa kandodoko pang'onopang'ono, akuyang'ana khosi cham'mbali monga amayang'anira thabwa ngati lawongoka.

Mayeso otsiriza adali pa fuleti ya 12. Nsambo ikakanikizidwa pamenepo iyenera kutulutsa liwu lomwelo limene imatulutsa ili yomasuka, koma lokwera. Chala chikakanikiza, nsambo imatamuka pang'ono ndipo liwu limapitirira. Motero pokhalira nsambo iliyonse pa kamlatho pamayenera kubwezedwa m'mbuyo, nsambo zonenepa koposa zoonda. Apa maso a kalipentala adathera, padafunika khutu la mnyamata.

"Yakwera, sekuru," ankatero.

"Imbanso, mwana wa mlongo wanga," ankayankha mkuluyo atapotoza sikuluu kamodzi.

Adachita zimenezi nsambo ndi nsambo kufikira dzuwa lidapendeka, wina akumva, wina akupotoza. Mayi a mnyamatayo adaima pakhomo ndi mbale m'manja osalankhula kanthu. Nsambo yomaliza itagwirizana, mnyamata adakwera kumapeto kwa khosi, naimba kachidutswa kothamanga ka sungura, ndipo liwu lililonse lidagwera pamalo pake.

Padatsala nkhani imodzi, ya dzina. Mnyamatayo adatulutsa m'thumba kapepala komata kolembedwa kuti Fender, kamene adagula pamsika, nafuna kukamata pamutu pa gitala. Maganizo ake sadali opusa. Anthu amaweruza ndi maso asanamve, ndipo mnyamata wofika kumayeso ndi gitala yopanda dzina angasekedwe asanaigwire n'komwe. Koma malume ake adakana. Adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo gitala iyi nyerere ilibe, choncho siifunika kubisala kuseri kwa dzina la mwini wake. Chimene sadanene, koma mlongo wake adachimva, n'chakuti munthu amene adayenda zaka zambiri ndi chiphaso chomunamizira sangaike chiphaso chabodza pa ntchito ya manja ake.

Ndipotu gitalayo, ikadafunsidwa kwawo, ikadavutika kuyankha monga momwe mbuye wake ankavutikira. Thabwa lake lidamera m'nkhalango ya m'Zimbabwe, muyezo wake udachokera ku California, zitsulo zake zidawoloka pa Beitbridge m'chikwama cha geni, ndipo manja oisema adaphunzira pa chigubu cha mafuta kwa mtchona wa ku Dedza. Komabe palibe woimba amene amafunsa zimenezo. Amaikaniza pa fuleti ya 12, n'kumvetsera ngati ikunena zoona.

Mutu wa gitala udatsala wosalembedwa, mlombwa wokhawokha. Koma posintha nsambo patapita miyezi, mnyamatayo, amene tsopano ankaimba ndi gulu lija Loweruka lililonse, adamasula khosi kuti alipukute. M'kamphako muja, pamalo posapakidwa vanishi, adapezamo zolemba za pensulo ya kalipentala: dzina la agogo ake, dzina la mudzi wawo, ndi mawu akuti Dedza. Mudziwo sadaupondepo, ngakhale malume akewo sadauone. Adafunsa mayi ake katchulidwe kake koyenera, nabwezera khosi m'malo mwake, namanga masikuluu onse.