Mkaidi wa dzulo akabwerera kumudzi

Ife a mu Zambia tinazolowera kuona munthu akucoka m'ndende nakakhala pa mpando waukulu wa dziko. A Kenneth Kaunda anamangidwa pamodzi ndi a Harry Nkumbula mu 1955 cifukwa copezeka ndi mabuku amene boma la atsamunda linaletsa. Mu 1959 anawapirikitsira ku Kabompo, kenaka anawatsekera ku Lusaka ndi ku Salisbury, ndipo anatuluka mu Januwale 1960. Zisanathe zaka 5 anali mtsogoleri woyamba wa dziko lathu. A Frederick Chiluba anatsekeredwa mu 1981 ali mkulu wa bungwe la anchito la ZCTU, koma mu 1991 analowa ku State House. A Hakainde Hichilema anagwidwa mu Epulo 2017 pa mlandu woukira boma, nakhala m'ndende masiku 127, ena mwa masikuwo ku Mukobeko. Ambuye Telesphore Mpundu, amene anali Arkiepiskopi wa Lusaka panthawiyo, anali mmodzi mwa amene anayesetsa kuti iwo amasulidwe, ndipo mu 2021 anthu anawasankha kukhala pulezidenti.

Nkhani zimenezi timazikamba monyadira, pakuti anthuwa anawamangira zandale, ndipo ndende inasanduka ulemu wao. Koma ine cimene cimandisowetsa tulo ndi mkaidi wina uja, amene analakwadi, naweruzidwa mwacilungamo, natsiriza cilango cake. Kodi iyeyu ali ndi njira yobwerera pakati pa anthu?

Kuno ku Chinyunyu, m'boma la Rufunsa, akaidi athu ambiri ndi a milandu ya kumudzi: kuba ng'ombe kapena mbuzi, kuvulazana pamowa, kugulitsa camba. Ndidziwa mwamuna wina amene anagwira ukaidi zaka 5 cifukwa ca ng'ombe za mwini. Tsiku lobwera anatsika basi pa msewu wa Great East, pafupi ndi kasupe wa madzi otentha, atanyamula kathumba kamodzi. Anapeza mkazi wake atabwerera kwao, munda wake akulima wina. Kundende anaphunzira ukalipentala, ndipo mabenci a m'chalichi mwathu amene anali kugwedera anawakonza yekha osapempha malipiro. Koma pamene mai wina anamuchula kuti azisunga makiyi a kanyumba kosungiramo zipangizo, msonkhano wonse unangoti zii, mpaka mkulu wina anati mlandu suola. Nkhuku ikasowa pamudzi, maso onse amaloza kwa iye. Khoti linamupatsa zaka 5, koma mudzi wamupatsa ukaidi wa moyo wonse.

Mbiri ya Mpingo wathu ili ndi munthu amene ayenera kuticititsa manyazi pa nkhaniyi. Dzina lake ndi Callistus. Iye anali kapolo mu mzinda wa Roma, ndipo mbuye wake Carpophorus anamuikiza ndalama kuti ayendetse banki, momwe akhristu ndi akazi amasiye anasungitsa cuma cao. Ndalamazo zinatayika m'manja mwake. Anathawa nakwera combo, ndipo ataona kuti amulondola anadziponya m'nyanja, koma anamuvuula nakamuika pa cilango copera tirigu pamphero. Atamasulidwa anakacita phokoso m'sunagoge tsiku la Sabata, ndipo anamukwapula namutumiza ku migodi ya pa cilumba ca Sardinia, kumene akaidi ambiri anali kufera. Anapulumuka pamene Marcia, mkazi wokondedwa wa mfumu Commodus, anapemphera ufulu akhristu a m'migodiyo. Zambiri mwa izi analemba ndi Hippolytus, wansembe wophunzira amene anali kudana naye, conco mwina anawonjezako mcere. Komabe palibe amene akana kuti Callistus anali kapolo ndi mkaidi.

Munthu ameneyu ndiye anasankhidwa kukhala Papa m'caka ca 217, mu likulu la ufumu umene unamumanga maunyolo. Hippolytus anakwiya, makamaka cifukwa Callistus anali kulola ocimwa kwambiri kubwerera ku Ukaristia atacita zolapa, ndipo anavomereza ukwati wa akazi a m'mabanja olemekezeka ndi amuna amene anali akapolo. Papa uyu anadziwa yekha kulemera kwa dzina loipa, n'cifukwa cake sanafune kutsekera ena citseko. Anamwalira mu 222, ndipo Mpingo umamulemekeza ngati wofera cikhulupiriro. Codabwitsa n'cakuti mu 235 Hippolytus nayenso anatumizidwa ku migodi yomweyo ya Sardinia, nayanjana ndi Mpingo asanafe. Akuluakulu ananenadi kuti caona mnzako capita, mawa cili pa iwe. Ngakhale a Kaunda, atalamulira zaka 27, anagwidwanso tsiku la Khirisimasi mu 1997.

Tsono ndisanamizire kuti mkulu uja wa mumsonkhano analibe mfundo. Mwini ng'ombe anataya zolimira, ana ake anagona ndi njala, ndipo zaka za ndende sizinamubwezere ngakhale thole limodzi. Mpingo umaphunzitsa kuti wakuba ayenera kubweza monga angathere, ndipo cifundo cosalabadira wolakwiridwa si cifundo ca Akatolika. Callistus naye sanalumphe kucoka ku mgodi kufika pa mpando wa Petro. Papa Victor anayamba wamutumiza kukakhala phee ku Antium, namupatsa thandizo la mwezi ndi mwezi. Pambuyo pake Papa Zephyrinus anamuitana, namupatsa udikoni ndi nchito yosamala manda a akhristu pa msewu wa Appia, manda amene mpaka lero achedwa ndi dzina lake. Anamuyesa pa zazing'ono, ndipo atakhulupirika anamuikiza zazikulu.

Imeneyi ndiyo njira imene ife tikuimana anzathu. Sitifunika kupatsa wocoka kundende thumba la ndalama za parishi tsiku loyamba. Koma tingathe kumuperekeza kwa amene anamulakwira, pamaso pa anyakwawa ndi akatekisti, kuti agwirizane za kabwezedwe, kaya ndi matumba a cimanga, kaya ndi nchito ya manja ake. Tingathe kumugula citseko kapena mpando umene wapanga, kumupatsa moni wa mtendere pa Misa mosanyinyirika, ndi kumuikiza kiyi imodzi. Akalephera tidzadziwa, koma ngati sitimuyesa konse sitidzadziwa kanthu, ndipo munthu wosowa pogwira amabwerera kwa anzake akale.

Boma linasintha dzina la nthambi ya ndende mu 2016 kukhala Zambia Correctional Service, kutanthauza kuti colinga ndi kuongola munthu, ndipo mu Disembala 2022 linacotsa cilango ca imfa. Papa Francis anatsegula Khomo Loyera m'ndende ya Rebibbia pa 26 Disembala 2024. Koma lamulo ndi mwambo sizingalandire munthu pakhomo; omulandira ndife a m'mudzi mwake.

Pa 14 Okutobala, tsiku la Callistus Woyera, ndikupemphani abale ndi alongo kuti banja lililonse lichule m'pemphero dzina la mkaidi mmodzi amene limudziwa, ndipo ngati anatuluka kale, wina wa m'banjamo apite kukamuceza sabata lomwelo.