Kalamidadi ndi konto pamsika wa ku Insaca

Ana a masiku ano kuno ku Mecanhelas akamva mawu oti kalamidadi, maso awo amathamangira ku mulu wa zovala pamsika wa ku Insaca. Amauzana mokondwa kuti lero atsegula belo latsopano, n'kumakankhana posankha malaya. Ine mtima umandiwawa pang'ono, chifukwa ndinakula pamene mawuwa ankatanthauza tsoka lenileni: chilala, njala ndi nkhondo. Boma linali ndi nthambi yoona za masoka yotchedwa DPCCN, ndipo zovala zothandizira ovutika zinkadzera kumeneko. Anthu anangozitcha dzina la tsokalo. Mayi anga analandira chijekete chachimuna chofika m'mawondo, ankachivala pamwamba pa nsalu yazigamba, usiku n'kutifunditsa ife. Lero kalamidadi ndi bizinesi, munthu amachita kunenerera mtengo. Nkhondo itatha mu 1992, abale athu amene anathawira ku Malawi anabwerera ndi mawu akumeneko, kaunjika, ndipo pamalire pa Entre Lagos onse awiri amamveka pakamwa pa wogulitsa mmodzi yemweyo.

Konto nayo yafota tikuona. Agogo ankati konto ponena ma escudo 1,000, ndalama imene mlimi sankaigwira wamba. Mu 1980 kunabwera metical, konto n'kukhala ma metical 1,000. Mu 2006 boma linachotsa maziro atatu pa ndalama, koma pakamwa pa anthu panakana kusintha, konto n'kutsala metical imodzi yokha. Mayi wogulitsa matemba a ku Chilwa amati, "Mulu uwu makonto makumi awiri, bambo." Agogo akanamva mtengo umenewo akanayesa kuti akuwagulitsa ng'ombe zakhola lonse.

Sindiwada ana a masiku anowa. Sanagonepo kutchire, ndipo ndimathokoza Mulungu kuti mawu amene ife ankatiliza iwo amawasekerera. Chimene sindinachizolowere ndi mawu oti patrão, kutanthauza bwana. Dziko litalandira ufulu mu 1975 tinaphunzitsidwa kuti mawu amenewa apita ndi atsamunda, aliyense ndi camarada, kaya mphunzitsi kaya wopalasa bwato pa Chiuta. Tsopano mnyamata wa njinga yamoto akandiona amakuwa kuti, "Patrão, tiyeni!" Ndimakwera, koma ndimamupempha kuti azingonditchula kuti malume, poti bambo anga anagwira thangata pansi pa munthu amene ankafuna kutchedwa choncho.