Mwini Wace wa Botolo

Pokhala ife ku Texas, m'dziko la America, tinapacika botolo la madzi a shuga kuseri kwa nyumba, kuti timwetse timbalame tofanana ndi coso. Kamodzi, kolemera ngati magalamu 3 okha, kanadziyesa mwini wace. Kanakhala panthambi tsiku lonse, nikapitikitsa tinzace tonse, cinkana madziwo akadakwanira timbalame khumi. Tinakaseka ndithu, ndipo tinapacika botolo lina kukhomo, kumene iko sikakhoza kupenya. Pamenepo tinzaceto tinamwa mwamtendere.

Koma madzulo ace kuseka kunatithera, pakuti tinakumbukira dimba la malemu atate kwathu, limene tinakaniza mlongo wathu, cinkana ife sitinaponyemo khasu zaka 9. Usiku womwewo tinamlembera kalata kuti alime.