Mthuthuthu wa makilomita 71,000 unanditsitsa Khwekhwerere

Kuchokera ku Lilongwe kupita kwathu ku Mtakataka kuli njira ziwiri. Yodziwika kwambiri ndi ya ku Salima: msewu wa M14 mpaka pa Kamuzu Road, kenako M5 kulowera kummwera kudutsa Chipoka. Inayo imadzera ku Dedza: M1 mpaka pa Masasa, n'kukhotera kumanzere, kutsika phiri la Khwekhwerere mpaka ku Golomoti. Njira yachiwiriyi ndi ya anthu amene amakhulupirira mabuleki awo. Tauni ya Dedza ili pamwamba, mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pomwe pamayambira nyanja yamchere, pamene nyanja ya Malawi ili pa mamita osakwana 500. Gawo lalikulu la kusiyana kumeneku munthu amalitsika m'makilomita owerengeka a msewu wokhotakhota.

Njira imeneyi ndi imene ndinasankha poyesa njinga yamoto yomwe ndinali nditangogula, Yamaha AG200 yogwiritsidwapo kale ntchito, mita yake ikuwerenga makilomita 71,000. Ineyo ndinali nditatha zaka zisanu ndi zitatu osagwira chiwongolero cha njinga yamoto.

Chifukwa chiyani yakale?

Yankho lalifupi ndi thumba. Ndalama ya kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo chilichonse chochokera kunja chinakwera mtengo, njinga zatsopano zomwe. Galimoto ndiye sindinkaiganizira n'komwe. Komabe mayi anga akukula, ali ndi vuto la BP, ndipo ulendo wa minibasi umadya tsiku lathunthu: kudikira kuti idzaze pa depoti, kuima pa siteji iliyonse, kenako kufunanso wa kabaza kuti akufikitse kumudzi. Ndinkafuna kuti foni ikalira ndizingotsekera nyumba n'kunyamuka.

Kukwera ndinaphunzira pa njinga ya amalume, m'tinjira ta kumudzi, ndisanapite ku Chanco ku Zomba. Kuchokera pamenepo moyo unali wa makalasi, kenako wa laputopu. Nditawauza mayi za maganizo anga, anakhala chete pa foni kwa kanthawi, kenako anati: "Mwanawe, zinjingazi zikutha anthu. Ukalowe mu wodi ya othyoka mafupa ku Central ukaone wekha." Sindinatsutse chifukwa ankanena zoona. Ndinangowalonjeza zinthu zitatu: helimeti yeniyeni, laisensi, ndiponso kusayenda usiku.

Zimene makanika wa ku Biwi anayang'ana

AG200 mwina mumaidziwa ngakhale simudziwa dzina lake. Ndi njinga ija ya alangizi a zaulimi ndi anthu a m'mabungwe, yokhala ndi makariya kutsogolo ndi kumbuyo, tcheni chake chotsekeredwa m'bokosi kuti fumbi ndi matope zisalowe, masitandi awiri, wina kumanja wina kumanzere. Inapangidwira m'mafamu, n'chifukwa chake liwiro ilibe koma mphamvu yokwerera zitunda ili nayo.

Amene ankagulitsa anali bambo wina wopuma pantchito, yemwe anaigula pomwe bungwe lina linkagulitsa njinga zake zakale. Safunsa anadya phula, ndiye ndinapita ndi makanika wa ku Biwi amene mnzanga anandilozera. Iyeyo anakakamira kuti tifike m'mamawa kwambiri, mwini wake asanailize. Injini yotentha imabisa matenda, anatero, yozizira ndiye imanena zoona.

Anayamba waigwira injini ndi dzanja kuti atsimikize kuti yagonadi. Anaponda kiki kawiri, inalira. Maso ake onse anali ku ekizozi. Utsi wabuluu ukanatanthauza kuti injini ikuwotcha oyilo, mwina malin'gi a pisitoni atha. Utsi wakuda ukanaloza ku kabureta, kuti petulo akulowa wambiri. Apa sipanatuluke chodetsa nkhawa. Anamasula pulagi n'kuiyang'ana kunsonga, anathira oyilo pang'ono pa chala n'kumufikisa kuti amve ngati muli tizitsulo. Anadendekera tayala lililonse n'kuligwedezera m'mbali poyesa mabering'i, anagogoda masipoko ndi sipanala, anafinya mashoko akutsogolo kuti aone ngati akudontha. Anandionetsanso manambala anayi amene amalembedwa m'mbali mwa tayala: awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka chimene linapangidwa. Lakumbuyo linali lokalamba ngakhale mapanga ake anali akuonekabe.

Ine mtima unali pa nambala ija ya pa mita. "Bigi, 71,000 si yatha imeneyi?"

"Achimwene, mita imangokuuzani kuti njinga yayenda mtunda wautali bwanji. Siikuuzani kuti inkadya chiyani panjira."

Zomwe inkadya tinazipeza m'kope la sukulu limene madala aja anatulutsa m'nyumba. Munalembedwa tsiku lililonse limene anasintha oyilo, pamodzi ndi makilomita ake, mzere ndi mzere kwa zaka zingapo. Makanika uja anati waonapo njinga za makilomita 15,000 zitatheratu chifukwa zinkanyamula anthu atatu ndi thumba la makala pa oyilo mmodzimodziyo. Kope limenelo ndi limene linanditulutsitsa ndalama.

Zotha zinalipo ndithu: tcheni, masipuloketi omwe mano ake anali atasongoka, nsapato za mabuleki ndi tayala lakumbuyo lija. Zimenezi zinatithandiza pokambirana mtengo. Ngati nanunso mukufuna yakale, musapereke ndalama zonse kwa wogulitsa. Ine gawo limodzi mwa magawo asanu a zimene ndinasunga linapita ku masipeyala, helimeti ndi mapepala.

Mapepalawo musawaone mopepuka. Njinga zamoto zimabedwa kwambiri, ndipo zina zimalowa m'dziko muno mosadutsa pa chipata. Tinafananitsa nambala ya injini ndi ya felemu ndi zomwe zili mu bulubuku, kenako ine ndi madala aja tinapita limodzi ku Road Traffic kukasintha umwini. Ndinadula inshuwalansi, ndinakonzanso za laisensi. Njinga yopitirira 125cc ngati imeneyi imafuna kodi A, osati A1.

Thupi limakumbukira, msewu unasintha

Masabata awiri oyamba ndinkangozungulira pa bwalo la mpira la kufupi ndi kwathu, m'mawa ana asanabwere. Dzanja lamanzere linakumbukira kilatchi msanga, phazi nalo linapeza magiya. Chimene ndinaphunzira mwatsopano ndi kuima mwadzidzidzi ndi mabuleki onse awiri popanda kukokera tayala. Ndinachibwereza mpaka chinalowa m'magazi.

Msewu ndiye si uja ndinausiya. Nthawi imene ndinkakwera ya amalume, kabaza wambiri anali wa njinga yakapalasa. Lero m'tauni njinga zamoto zimatulukira mbali zonse, kumanja ndi kumanzere, ndipo madalaivala a galimoto anatopa nazo moti sasiyanitsa kuti uyu ndi ndani. Ukakwera njinga, ulemu umene unkalandira ukuyenda wapansi ndi chikwama cha laputopu umatha. Ndinazolowera kuyenda nditayatsa nyali ngakhale masana, n'kumaganiza kuti aliyense sakundiona.

M1, m'mawa wa Loweruka

Ndinanyamuka mu Julaye, dzuwa litangotuluka, thanki itadzaza chifukwa masiku ano petulo sumamuyembekezera kuti ukamupeza kutsogolo. Pa kariya ndinamanga chikwama, pampu, chubu chapadera ndi masipanala.

Kuchoka ku Lilongwe kufika ku Dedza ndi makilomita pafupifupi 85. Njingayi imasangalala pa 60 kapena 70. Ukaikakamiza kupitirira pamenepo imalira ngati chigayo, magalasi n'kuyamba kunjenjemera. Pa Nathenje ndi pa Kamphata mabasi akuluakulu a ku Blantyre ankandipitirira ndi mphepo yokankha, ndipo ndinaphunzira kuwapatsa malo asanapemphe. Koma liwiro lochepali lili ndi mphatso yake. Msewu umene ndaudutsa kambirimbiri m'basi nditagona kapena maso ali pa foni, ulendo uno ndinaumva ndi mphuno: utsi wa mauvuni a njerwa, fungo la kanyenya, kenako kuzizira kwa m'madambo powoloka Diamphwe ndi Linthipe.

Kuyandikira ku Dedza chisanu chinalowa m'magolovesi mpaka zala zinauma. Kumanzere kumaoneka mapiri a Chongoni, kumene kuli zojambula zakale za pamiyala zomwe bungwe la UNESCO linaziika m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse mu 2006. Phiri la Dedza, lotalika mamita pafupifupi 2,200, linali litafunda nkhungu. Pa rodibuloko wapolisi anandiimitsa, anaona mapepala, anayang'ana njinga n'kufunsa kuti ndine wa bungwe liti. Nditati ndi yanga, anaseka n'kundiuza kuti ndiyende bwino.

Ndinaima kumwa tiyi ndi tchipisi cha mbatata ya kachewere, manja nditawayandikiza ku chiwaya. Kuyambira chakuno kulowera ku Ntcheu msewu wa M1 umayenda m'malire enieni, kwinaku ukangowoloka tala walowa mu Mozambique, ndipo anthu a mbali zonse amagulitsana kabichi ndi tomato m'Chichewa chimodzimodzi.

Kutsika

Pa Masasa ndinaima n'kuyesanso mabuleki. Njingayi ili ndi mabuleki a dilamu kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo dilamu ikatentha kwambiri imasiya kugwira. Makanika uja anali atandichenjeza kuti pa phiri lalitali buleki wamkulu ndi injini: ika giya yachiwiri kapena yachitatu, siya kilatchi, injini izikubweza yokha, mabuleki uzingowagusa usanalowe pa kona. Kuzimitsa injini kapena kuika fili pofuna kupulumutsa mafuta, monga amachitira ena, ndi kusewera ndi moyo.

Poyamba msewu umadutsa m'minda ndi m'midzi ya pamwamba ngati palibe chikubwera. Kenako dziko limangotha. Kutsogolo kumatseguka chigwa chonse, chotuwa ndi chilimwe, ndipo patali nyanja imaoneka ngati lata loyalidwa padzuwa. Makona amabwera motsatizana, ena okhota moti umaona msewu womwe ukupita uli pansi pa phazi lako. Pa kona yachitatu kapena yachinayi ndinazindikira kuti ndaluma mano. Ndinakumbukira lamulo la amalume lakuti njinga imapita komwe maso akuyang'ana, ndiye ndinachotsa maso kuphompho n'kuwaika komwe kona ikutulukira. Mapewa anamasuka. Injini inkangoti du-du-du m'giya yachiwiri, osatsokomola, osadumpha.

Chapakati ndinaima pomwe anyamata amagulitsa tigalimoto tosema ndi mitengo, ma Land Rover okhala ndi zitseko zotseguka, mathirakitala, ngakhale tinjinga. Ndinayandikiza dzanja ku dilamu yakumbuyo. Inali yofunda chabe. Mnyamata wina anazungulira njingayo, anaona mita n'kuimba likhweru. "Madala, imeneyi yaona dziko." Ndinagula kagalimoto kamodzi ka mwana wa achemwali anga.

Pansi pa phiri ndi dziko lina. Jekete limene linali lochepa ku Dedza linasanduka katundu. Milambe inayamba kuoneka, mbuzi zili pamsewu ngati ndi kwawo. Ku Golomoti kumadutsa njanji yochokera ku Balaka kupita ku Salima, ndipo kuli munda wa masola wa mamegawati 20 umene unayamba kupereka magetsi mu 2022. Msewu wopitirira kutsogolo umakafika ku Monkey Bay. Ine ndinakhotera kumpoto pa M5, kumene maenje anandionetsa chifukwa chake alangizi amaikonda njingayi.

Ndinapatuka pang'ono kukwera ku Mua, mishoni imene ansembe a White Fathers anaitsegula mu 1902. Pano ndi pamene Bambo Claude Boucher a ku Canada anayambitsa malo a zachikhalidwe a KuNgoni mu 1976, ndipo nyumba ya Chamare imasunga mbiri ya Achewa, Angoni ndi Ayao, kuphatikizapo zigoba zambiri za gule wamkulu. Ndinakulira makilomita ochepa kuchokera pano, koma ndinali nditalowamo kamodzi kokha, ndili ku pulayimale. Pa minibasi sungauze dalaivala kuti akudikire ola limodzi. Ulendo uno ndinakhala mpaka njala inandikumbutsa kuti kunyumba akudikira.

Kumudzi

Ana ndi amene anayamba kumva kulira kwa mthuthuthu, anandithamangira kuyambira pa mjigo. Mayi anatuluka m'khitchini akupukuta manja pa chitenje. Njingayo sanaiyang'ane n'komwe. Anandilanda helimeti, anaigogoda ndi chala, anaitembenuza kuona mkati, kenako anandibwezera.

"Wadzera kuti?"

"Ku Khwekhwerere, amayi."

"Iwe, ndi chinthu chakalechi?"

Madzulo ndinayang'ana oyilo, sanatsike. Ndinatulutsa kope lija la madala n'kulemba tsiku ndi makilomita pansi pa mzere wawo womaliza. M'mawa mwake mayi anakana kuti ndiwakweze popita ku tchalitchi, anayenda wapansi monga mwa masiku onse. Koma pobwera anandipeza ndikumanga katundu, analowa m'nyumba n'kutulutsa kathumba ka mpunga ndi malegeni awiri. Anamanga okha pa kariya, anakoka kuti aone ngati kalimba, kenako anayang'ana dzuwa.

"Nyamuka tsopano, usafike mdima. Ukafika undiimbire. Ndipo kumapeto kwa mwezi ndili ndi tsiku lokayezetsa BP ku Mua, ubwere ndi chipewa china."