Kadimba ka Kuseri kwa Khitchini

Ntchito itatichotsa ku Mangochi n'kutifikitsa ku Mughese, m'mapiri a Misuku m'boma la Chitipa, tinkayesa kuti mdani wathu adzakhala chisanu. Galimoto itakhota pa Kapoka n'kuyamba kukwera zitunda, ana anafunda zitenje mpaka kumutu. Koma chisanucho tinachizolowera msanga. Chimene chinatisowetsa mtendere chinali mphika.

Kunyanja ndiwo sizivuta: lero utaka, mawa usipa, tsiku la mwayi chambo. Kuno nsomba zimafika zouma, mtengo wake utakwera ndi ulendo. Nyama yozingidwa mwa Chisilamu sinkapezeka pafupi, pokhapokha titazinga tokha nkhuku. Motero tinkangodya nyemba ndi nthochi zophika, zothira mchere ndi tomato basi. Tsiku lina mwana wathu wachisamba, pobwera kwa anzake, anati kumeneko mphika umanunkhira kuposa wathu, ndipo anafunsa chifukwa chimene timamuletsera nyama ya kumeneko. Tinamufotokozera za halali ndi haramu, iye n'kuvomera ndi mutu. Komabe usiku umenewo tulo tinasowa. Tinaona kuti mwana amene akudya halali mokakamizika, tsiku lina adzaiona ngati chilango.

Apa m'pamene tinakumbukira timapepala timene amayi anatimangira ponyamuka: njere za dania, tsabola wa kambuzi, adyo ndi tizidutswa ta jinja. Tinadzala zonse kuseri kwa khitchini monga tinkachitira kwathu, pamalo osalaza ndi khasu. Mvula ya ku Misuku itagwa, inakokolola dothi ndi njere zomwe kupita nazo kunsi.

Anatidzutsa ndi agogo oyandikana nafe, Mkhristu wolima khofi, amene Chichewa chawo chimasakanikirana ndi Chisukwa. "Ana anga, phiri salimbana nalo," anatero. Anatiphunzitsa kupanga mizere yopingasa chitunda, kuichinjiriza ndi makungwa a nthochi, ndi kuthira makoko a khofi owolerana pamodzi ndi phulusa.

Kuchokera pamenepo kadimbako kanayamba kutiphunzitsa. Dania, amene kunyanja amathamangira kuchita maluwa chifukwa cha kutentha, kuno amakhalitsa ndi masamba. Njere yake timaiphwanya pang'ono kuti igawike pawiri isanafesedwe, ndipo timafesa pang'onopang'ono masabata atatu alionse kuti asatithere. Adyo amakonda kuzizira: tikadzala mvula ikamatha, timakolola patapita miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi. Jinja amafuna kudekha, pakuti amatenga miyezi 8 mpaka 10. Minti tinamutsekera m'chidebe chobowola pansi, chifukwa mizu yake imayanga n'kulanda malo a anzake. Kambuzi yekha ndiye ananyanyala ngati ife tomwe, mpaka titamusunthira m'mbali mwa khoma lowomba dzuwa. M'chilimwe madzi a wudhu sititaya. Timawakhatira m'beseni n'kuthirira mbewuzo, ndipo Swala iliyonse imasiya chinyezi pamizu.

Ramadhani itafika, nyemba zomwe zija zinalowa mumphika ndi adyo, jinja ndi dania wothyola dzuwa likupendeka. Futali tinatsikira ndi tiyi wa minti. Mwana uja anapempha kuwonjezera, ndipo madzulo otsatira anabwera ndi anzake awiri amene anakana kupita kwawo asanalawe. Za nyama ija sanafunsenso.

Mtumiki Muhammad, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, anaphunzitsa kuti chimene Msilamu wadzala, chikadyedwa ndi munthu, mbalame kapena nyama, chimalembedwa kwa iye ngati sadaka. Kale tinkaganiza kuti mawuwa akunena za eni minda ikuluikulu. Lero agogo aja amatuma mdzukulu kudzathyola dania, iwo n'kutibwezera phava la nthochi. Pa Idi anadzakhala nafe pamkeka, ndipo pophika nkhuku ya alendo kwawo, tsopano amatiitana kuti tikazinge ndife, kuti tonse tidyere mbale imodzi.

Abale athu a kunyanja, mukamatsanzikana ndi mwana amene ntchito kapena ukwati ukumutengera kutali ndi mzikiti, mumupatse mkeka woswalira ndi malangizo, koma musaiwale kumumangira timbewu. Ife tasunga kale njere za dania wa ku Mughese m'kabotolo. Tikadzatsika pa tchuthi, Insha Allah, tidzawapatsa amayi kuti akafese m'mwezi wa June, nyengo ikazizira.